Garaja ya mabasi ya pa 14th Street ija, poyamba munkagona ma tramu

Achimwene ena amene amakhala ku Washington andilembera imelo. Akuti popita kuntchito amadutsa pa 14th Street chakumpoto uko, pomwe pali chikhoma chanjerwa chokhala ndi kansanja, kumbuyo kwake kuli chipwirikiti cha omanga. Mnzawo wina anawauza kuti kale mmenemo munkagona ma tramu kenako mabasi, ndiye akufunsa kuti ndi zoona kodi? Nanga bwanji osangogumula zonse nkukamanga garaja kunja kwa tauni?

Achimwene, mnzanuyo sanakunamizeni. Nyumba imeneyo inamangidwa mu 1906 ndi kampani ya Capital Traction, ankaitcha Decatur Street Car Barn, ndipo ntchito yake inali kusunga ndi kukonza ma tramu, timasitima tamagetsi toyenda pa njanji zoyalidwa mumsewu momwemo pamodzi ndi magalimoto. Mu 1959 anaisandutsa garaja ya mabasi, nkukhala Northern Bus Garage, mpaka WMATA, bungwe loyendetsa mabasi ndi masitima mu Washington, inaitseka mu 2019 itakalamba zedi.

Ma tramuwo sanafe okha ayi, anachita kuphedwa ndi lamulo. Mu 1955 ogwira ntchito ku Capital Transit, kampani yomwe inkayendetsa ma tramu nthawi imeneyo, ananyanyala ntchito kwa masabata angapo, Congress, nyumba ya malamulo ya America, inakwiya nkulanda chilolezo kwa Louis Wolfson yemwe kampaniyo inali mmanja mwake, ndiye mu 1956 O. Roy Chalk atagula anapatsidwa lamulo loti ma tramu onse achoke mabasi alowe mmalo. Tramu yomaliza inayenda pa 28 January 1962. Tsono taganizani, muli ndi mabasi mazanamazana atsopano, mulibe powagoneka, koma muli ndi zinyumba zikuluzikulu zomwe zikutsala zopanda kanthu chaka ndi chaka. Palibe bwana amene akanapita kukagula malo ena.

Koma musaganize kuti nyumbazi zinkayenerana ndi mabasi, zinali zongokakamiza. Tramu ilibe chiwongolero, imapita komwe njanji yapita basi, ndiye shedi yake amaimanga ngati mizere italiitali yopapatiza, nsanamira ndondondo pakati pa njanji ndi njanji, palibe chomwe chingagunde. Basi imafuna malo okhotera, imafuna kubwerera mmbuyo, ndiye dalaivala wobwera usiku atatopa nsanamira zija zimamudyera magalasi a mmbali. Maenje okonzera a pansi aja ena anathandiza ma makaniko, ena anangowakwirira ndi simenti. Chachikulu chinali dizilo. Tramu siitulutsa utsi, choncho omanga a 1906 sanaganizeko zotulutsa mpweya woipa, pomwe mabasi makumimakumi akalizidwa limodzi mbandakucha kuti injini zitenthe, utsi wake umadzaza mkati nkutulukira kwa anthu oyandikana nawo. Onjezani ma tanki a mafuta okumbiridwa pansi, oilo wodontha zaka makumi asanu ndi limodzi, mumvetsa chifukwa chake kumanganso malo otere kumatenga nthawi, dothi lenilenilo limayamba lafuna kuyeretsedwa.

Ndiye nchifukwa chani amakakamira pomwepo? Nkhani ndi malo achimwene, nyumbayo ndi yachiwiri. Amene ankayala njanji ankaika shedi pa mzere penipeni kapena kumapeto kwake, kuti tramu ikangotuluka pageti iyambe kunyamula anthu. Mabasi atabwera analowa chokolo misewu yomweyo, 14th Street inakhalabe 14th Street, anthu ake omwewo. Mukasamutsira garaja kutali, basi iliyonse mmawa iyende mtunda wautali yopanda munthu, madzulo chimodzimodzi, dalaivala akulipidwa, mafuta akupsa, ndalama yolowa palibe, ndipo izi ndi tsiku ndi tsiku kwa mabasi onse. Komanso yesani lero kupita kudera lililonse la Washington mukawauze kuti tikufuna tikumangireni garaja ya mabasi pafupi ndi nyumba zanu, muona mmene akuthamangitsireni. Pomwe garaja ilipo kale anthu amadandaula koma sangaichotse chisawawa, ndiye WMATA singataye malo ngati amenewo.

Khoma lomwe mukulionalo latsala chifukwa nyumbayi ili pa mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa, sangaligwetse. Ineyo zosiya khoma lakumaso lokha nkugumula mkati monse sindimazikonda kwenikweni, koma apa ndikuvomera, mkatimo munali mutasinthidwa kale kambirimbiri. Chosangalatsa nchakuti WMATA inalengeza kuti garaja yatsopanoyo idzakhala ya mabasi amagetsi, anthu a mderalo atalimbikira kukana dizilo. Zikatheka, malo omwe anamangidwira zoyendera magetsi adzabwerera ku magetsi.

Si Washington yokha. Amene muli ku London mwina mumakwera mabasi otuluka mu shedi za tramu osadziwa. Tramu yomaliza ya London yakale inalowa mu depoti ya New Cross mu July 1952, ndipo New Cross mpaka lero ndi garaja ya mabasi. Fulwell inamangidwa ndi London United Tramways, inasunga ma tramu, kenako ma trolleybus, mabasi otenga magetsi pa mawaya a mmwamba, mpaka 1962, pano mabasi. Bow, Holloway, Wood Green, nkhani yake ndi yomweyo. Pa Brixton Hill pali shedi ina yomwe njanji zikuonekabe pansi mabasi ataima pamwamba pake. Ku London kunali mwayi wina, ma tramu ambiri anali osanjikiza, ndiye madenga anali atali kale, ma double decker analowa osawerama. Vuto linali mkati, shedi zambiri zinali ndi chimakina chotsetsereka chammbali chomwe chinkanyamula tramu yathunthu kuichotsa pa njanji iyi kuiika pa ina, dzenje lake linayenera kukwiriridwa basi isanaponde.

Mizinda iwiriyi imafanananso pena. Pakatikati pa Washington mawaya a mmwamba anali oletsedwa, ndiye ma tramu ankatenga magetsi pansi, kudzera pa kampata kapakati pa njanji ziwiri, ndipo mbali yaikulu ya London inkachitanso chimodzimodzi. Mukapita ku Georgetown, dera la mu Washington momwemo, pa O Street ndi P Street muona njanji zidakalipo mmiyala, kampata kaja kali pakati.

Ma shedi ena a ku Washington pano mulibenso mabasi. Ya pa East Capitol Street inasanduka nyumba zogona anthu, ya ku Georgetown pa M Street pano ikugwiritsidwa ntchito ndi Georgetown University, ndipo ya ku Navy Yard yomwe anthu amaitcha Blue Castle inasungako mabasi kenako munalowa masukulu. Ngati muli ndi Loweruka lopanda shifiti, yambani ndi ya Georgetown, njanji za pa O Street zili chapafupi pomwepo mukangokwera chitunda.