Kota kapena msonkho: ndalama ya pakatipo imapita kwa ndani?

Achimwene ena andilembera imelo kufunsa kuti: "Akatswiri amati msonkho wa pachipata umaposa kota. Si chimodzimodzi kodi, poti zonse n'zotchinga katundu?" Funso limeneli limandiwawa, chifukwa yankho la m'kalasi silitchula amene amalira.

Kota imati matani akutiakuti okha ndiwo alowe. Katundu akachepa mtengo umakwera, ndipo phindu lapamwambalo limagwera m'thumba mwa amene wagwira laisensi. Msonkho sutseka chipata: lowetsani mmene mungathere, bola mulipire, ndalamayo ipite kuboma. N'chifukwa chake pangano la zaulimi la WTO (bungwe loona za malonda pa dziko lonse), lomwe linayamba mu 1995, linalamula kuti makota asanduke misonkho, kenako mayiko olemera aitsitse ndi 36 peresenti m'zaka 6, otukuka kumene ndi 24 m'zaka 10.

Koma taonani kuchenjera kwake. Posandutsa makotawo misonkho, mayiko anawerengera pa mitengo ya 1986 mpaka 1988, nthawi imene mbewu zinali zotchipa kwambiri pamsika wa dziko lonse, ndiye misonkho inatuluka yaitali ngati mpanda wa ndende. Mpunga wolowa ku Japan kunja kwa kota yomwe ikadalipobe umalipira mayeni (ndalama ya ku Japan) 341 pa kilogalamu. Kumeneko n'kutsegula msika? Ine ndikukana.

Nanga nthochi? Pa 1 Januwale 2006, EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) inachotsa makota pa nthochi za ku Latin America n'kuika msonkho wa mayuro 176 pa tani, ndipo mu 2009 inavomera kutsitsa pang'onopang'ono mpaka 114. Za ku St Lucia ndi Dominica, tizilumba ta ku Caribbean, zinkalowabe popanda msonkho, koma mlimi wa kamunda ka paphiri angalimbane bwanji ndi minda ikuluikulu ya ku Ecuador? Chimene chinkamuteteza chinali kota yomanga anzakewo. Shuga wathu naye ankalowa ku Ulaya pa kota ya matani pafupifupi 20,000 pa mtengo wotsimikizika. Dongosolo limenelo linatha mu 2009. Anatilola kutumiza wochuluka mmene tingathere, mtengo ataudula kale ndi 36 peresenti.

Tsono achimwene, si chimodzimodzi ayi. Ngati mukufuna kutumiza katundu kunja, pezani nambala yake ya HS (nambala yozindikiritsa mtundu wa katundu pachipata), mufunse ngati ali ndi misonkho iwiri, wa mkati mwa kota ndi wa kunja kwake, ndipo musaiwale chikalata chosonyeza kumene anachokera. Chikasowa, mulipira msonkho wonse.