Mbande zikugwa zitangomera: yambani mwaona dothi ndi kathiridwe ka madzi

Mayi ena a ku Chirimba mumzinda wa Blantyre andilembera pa imelo. Akuti amakhala nyumba ya lendi, ndipo amafesa matimati ndi repu m'mabeseni akale kuseri kwa nyumbayo. Dothi amakumba pomwepo n'kusakaniza ndi zitosi za nkhuku zomwe amapempha kwa aneba. Mbewu zimamera bwinobwino, koma pakangopita masiku ochepa mbande zimayamba kugwa, tsinde litafota cha m'munsi. Akufunsa ngati agule dothi la m'matumba la kusitolo kapena awonjezere feteleza.

Mayi, feteleza musiyeni kaye. Mbande zanuzo sizikufa ndi njala. Njere iliyonse imabwera ndi kamba wake wa paulendo, wokwanira kuifikitsa potulutsa masamba enieni oyamba. M'masiku amenewo kamtsitsi kake kamafuna chinyezi ndi mpweya basi. Dothi likakhala lolemera, madzi n'kumadikha m'beseni, mpweya umatha ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi, monga Pythium ndi Rhizoctonia, timaswana msanga. Timagwira tsinde pomwe lakumana ndi dothi, pamalopo pamaola, mbande n'kugwa masamba akadali obiriwira. Yomwe yagwa motere siidzukanso, ngakhale mupopere mankhwala otani.

Dothi la kuseri kwa nyumba za m'tauni nthawi zambiri limakhala lopondedwa, katondo wouma gwa, mwinanso lothiridwa madzi a sopo tsiku ndi tsiku. Mukaliika m'beseni limagwirana kwambiri kuposa mmene limachitira m'munda. Zitosi za nkhuku zosaola zimawonjezera vuto, chifukwa zimakhala zaukali moti zimawotcha timitsitsi tanthete.

Kasakanizidwe komwe ndimakhulupirira ndi aka: ndowa ziwiri za dothi lapamwamba lakuda, ndowa imodzi ya manyowa owolerana, ndi ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Dothilo litengedwe pansi pa mitengo pomwe masamba akhala akuolerana, osakumba mozama. Pewani malo omwe munalimapo matimati, mbatatesi, tsabola, mabiringanya kapena fodya, popeza mbewu zimenezi n'zapachibale ndipo zimasiyirana matenda m'nthaka, kuphatikizapo timinyongolotsi totupitsa mitsitsi. Mchenga ukhale wokhakhala. Wosalala ngati ufa uja umangotseka timipata tomwe tikufuna titseguke.

Pa manyowa ndi pomwe ambiri amathamangira. Manyowa okhwima amakhala akuda, ofumbutuka, osatentha mukapisamo dzanja, ndipo amanunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Ngati mukuthabe kuzindikira kuti ichi ndi chitosi, ichi ndi ndowe, ndiye kuti sanapse. Zitosi za aneba anuwo muziunjike pambali pamodzi ndi masamba ouma, muzithira madzi pang'ono ndi kutembenuza, ziole kwa miyezi ingapo. Zidzathandiza kwambiri pa nthawi yowokera. Anzathu a ku Karonga, Nkhotakota ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, komwe mpunga ndi wambiri, angagwiritse ntchito mankhusu a mpunga owauka mpaka kuda, osafika posanduka phulusa, m'malo mwa mchenga. Amapepuka ndipo amalowetsa mpweya bwino. Utuchi wauwisi musaikemo, chifukwa pamene ukuola umalanda chakudya cha mbewu chotchedwa nayitirojeni m'dothi ndipo mbande zimasanduka zachikasu.

Mukasakaniza, sefani kuti muchotse miyala ndi zibuma, kenako nyowetsani pang'ono. Tapani dzanja limodzi n'kufumbata. Likadontha madzi kapena kuumbika ngati dongo la mphika, wonjezerani mchenga. Likangoyoyoka osagwirana konse, wonjezerani manyowa. Loyenera limagwirana, koma mukalikhudza ndi chala limagumuka.

Popeza matendawa alowa kale pakhomo panu, ndikupemphani kuti dothi latsopanoli muliphike. Alimi a fodya akhala akuchita zofanana kuyambira kale, powotcha mapesi pa bedi la nazale asanafese. Inu ikani dothi lonyowa m'chidebe chachitsulo, vundikirani, ikani pamoto. Nthunzi ikayamba kutuluka, lisiyeni kwa mphindi 30, kenako phulani lizizire bwino musanafese. Lisaume n'kupserera ayi. Ngati nkhuni kapena makala zikuvuta, dikirani dzuwa la Seputembala ndi Okutobala: yalani dothi lonyowa mopyapyala, fundikani pulasitiki yoonekera mkati, kwirirani m'mbali mwake, lisiyeni masabata 4 mpaka 6. Mabeseniwo muwatsuke ndi madzi otentha ndi sopo n'kuwayanika padzuwa.

Mu imelo yanu simunatchule ngati mabeseniwo ndi obowola. Ngati sali choncho, apa pali gawo lalikulu la vuto. Otchani msomali n'kuboola mabowo ambiri kunsi, ndipo beseni likhale pa njerwa kuti madzi azituluka. Dothi lakuya masentimita 10 ndi lokwanira.

Pofesa lembani timizere motalikirana masentimita 10. Matimati asapitirire sentimita imodzi kuya, repu theka la sentimita. Fesani mopatula. Kumwaza njere zambiri poopa kuti zina sizimera kumachititsa mbande kuthinana, mphepo osadutsa pakati, ndipo matenda amayenda mosavuta kuchoka pa ina kupita pa inzake. Phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, koma mukangoona zayamba kutumphuka muuchotse. Repu amamera m'masiku 3 mpaka 5, matimati mwina sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi amachedwa. Musaganize kuti mbewu yafa n'kuyamba kuthira madzi ochuluka.

Madzi muzithira m'mawa, ndi keni yokhala ndi timabowo tating'ono kapena botolo lobowola chivindikiro. Musanathire, pisani chala m'dothi. Ngati mkati muli chinyezi, tsikulo lidutse. Kuthira madzulo kumasiya pamwamba ponyowa usiku wonse, ndipo tizilombo tija timakonda zimenezo. Mbande zimafunanso dzuwa, makamaka la m'mawa. Zikakhala pamthunzi wa khoma tsiku lonse zimatalika, kuwonda ndi kufooka.

Nanga dothi la kusitolo? Ngati ndalama ilipo si loipa. Nthawi zambiri limapangidwa ndi makungwa a paini owolerana kapena ulusi wa makoko a kokonati, limapepuka, ndipo kwa ofesa m'mathireyi ambiri limachepetsa ntchito. Koma chakudya chake chimatha msanga, ndipo mukaliika m'beseni losabowola n'kumathira madzi m'mawa ndi madzulo, mbande zidzagwa chimodzimodzi. Pa mabeseni awiri kapena atatu, ine ndalama imeneyo ndikanagula nayo mbewu yabwino ya m'paketi yomwe nthawi yake yogwiritsira ntchito sinadutse.

Repu amakhala wokonzeka kuwokera pakatha masabata 3 kapena 4, matimati 4 mpaka 6, ali ndi masamba enieni anayi kapena asanu. Sabata yomaliza chepetsani madzi ndi kuzionetsa dzuwa kwambiri kuti zikhwime, ndipo muwokere madzulo, mutazula ndi dothi lake. Karoti, therere, nyemba ndi maungu musazipititse ku nazale, zifeseni pomwe zikakulire.

Mabeseni omwe muli nawo panowa, zulani mbande zonse zogwa pamodzi ndi dothi lozizungulira, boolani kunsi lero lomwe, patulirani zotsalazo, ndipo musathire madzi mpaka pamwamba pauma. Zina zipulumuka. Dothi limenelo musadzafesemonso musanaliphike.