Sipuleya ya chigubu ikamadontha pamsana

Mlimi wina wafunsa motere: "Alangizi, ndinapanga ndekha chopopera mankhwala. Ndinatenga chigubu cha malita 20, pamwamba ndinaboola n'kuikapo vavu ya chubu cha njinga, m'munsi ndinalowetsamo paipi, kumapeto kwake n'kumangirira chitsekerero cha botolo chobooledwa ndi msomali. Ndikapopa ndi pampu ya njinga chigubu chimafufuma, madzi amatuluka pang'ono n'kusiya, ndiponso chimadontha pamsana mpaka malaya kunyowa. Ndikamaliza mutu umandiwawa, koma umasiya wokha. Pano masamba a tomato apinda. Chigubuchi ndi chomwe ndinkasungunuliramo mankhwala opha udzu chaka chatha. Ndikonze pati?"

Bambo, m'funso lanu muli mawu omwe andidetsa nkhawa kuposa tomatoyo, ndipo mwawalemba ngati nkhani yaing'ono: akuti mutu umawawa koma umasiya wokha. Mutuwo ndi mankhwala. Khungu limamwa mankhwala ophera tizilombo, makamaka munthu akatuluka thukuta, ndiye inu mukuyenda dzuwa lili pamutu ndi malaya onyowa ndi poizoni atamamatira pamsana. Munayenera kusiya tsiku loyamba lomwe munamva kunyowa. Chigubucho musachiberekenso. Mutu ukadzabwera pamodzi ndi chizungulire, kusanza, malovu ambiri kapena kuona mwachimbuuzi, vulani zovalazo, sambani ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo kuti akaone chomwe chalembedwapo.

Za tomato ndikuuzani mosazengereza: mwamuwotcha nokha ndi zotsalira za mankhwala opha udzu aja. Pulasitiki imasunga mankhwala otere, makamaka a mtundu wa 2,4-D, ndipo tomato amawonongeka nawo ngakhale atakhala ochepa kwambiri. Kaonetsetseni masamba a kunsonga: mukapeza ali oonda, opotoka, nthambi zanthete zitapindika. Chaka china ndinaona dimba lonse litatero, mwini wake n'kumalimbikira kuti ndi matenda, mpaka anagula mankhwala ena n'kuwathira ndi chigubu chomwecho. Anangowonjezera vuto. Mbewu zomwe zakhudzidwa pang'ono zimatha kuphukira masamba abwino mukamazithirira mokwanira, koma zomwe zapotoka kwambiri musazidalire. Chotengera cha mankhwala a udzu chikhale chakechake, chilembedwe ndi penti, chisayandikire mbewu zamasamba.

Tsopano chifukwa chomwe sipuleya yanu ikukanira. Chigubu anachipangira kunyamula madzi, mbali zake n'zafulati, sichingapirire mpweya wopanikizidwa. Kuti mankhwala atuluke ngati nkhungu pamafunika mphamvu pafupifupi mabaa 3 (baa ndi muyezo wa mphamvu yokankha ya mpweya kapena madzi), pomwe chigubu chimayamba kufufuma musanafike n'komwe pamenepo, ndipo mpweya umathawira pachitsekerero ndi pomwe munaboola. Komanso mukachidzaza, malo a mpweya amatsala ochepa, ndiye madzi akangotsika pang'ono mphamvu yatha. N'chifukwa chake mukupopa kwambiri koma kuthira pang'ono. Ena amathawira ku paipi yaikulu ya PVC n'kumaipopera mpweya. Musayerekeze. Ikaphulika imamwazika tizidutswa takuthwa ngati galasi.

Njira yomwe ndimalangiza aliyense, ndipo sindinaonepo ina yoiposa, ndi yakuti chigubu chingosunga madzi basi, ntchito yokankha muisiyire kapampu kakang'ono ka magetsi ka mavoti 12, komwe amakatchula kuti diaphragm pump. Ndi komwe kamakhala m'masipuleya a batire a m'sitolo. Kamayendera batire ya njinga yamoto, ndipo batire yabwino yotchaja bwino imakupatsani maola awiri kapena atatu akupopera, zomwe n'zokwanira pamunda waung'ono. Masana mumaitchaja pa sola. Ena amayesa kapampu kotsukira galasi la galimoto. Kamatulutsa madzi ndithu, koma mphamvu yake n'njochepa ndipo kamapsa msanga chifukwa anakapangira kulira masekondi ochepa. Ndawaonapo angapo atapsa sabata yoyamba.

Pezani chigubu china chomwe sichinasungepo mankhwala a udzu. Musachiboole m'munsi kapena m'mbali. Apa ndi pomwe munalakwitsa kwambiri, chifukwa bowo lililonse lomwe lili pansi pa madzi lidzadontha tsiku lina, kaya mumate ndi guluu wotani. Boolani pachitsekerero, mulowetse paipi yopyapyala mpaka ifike pansi pa chigubu. Pampu yamtunduwu imakoka yokha madzi, ndiye sivuta ngakhale paipi idzere pamwamba. Kumapeto kwa paipi ya m'katiyo mangirirani kasefa, ngakhale kachidutswa ka neti yolukana bwino, kuti zinyalala zisafike ku pampu. Pachitsekerero pomwepo boolaninso kabowo kakang'ono kolowera mpweya, apo ayi chigubu chidzafinyika madzi akamatsika. Lowetsanimo kapaipi kopindira pansi, kuloza kutali ndi inu, kuti mankhwala asakuthovukireni m'khosi.

Kuchoka ku pampu, paipi ina ipite ku ndodo yogwirira, yotalika pafupifupi theka la mita kapena kuposerapo, kuti nkhungu izituluka kutali ndi nkhope. Polumikiza paliponse mangani ndi makilipi achitsulo. Mphira wa chubu umagwira masiku oyamba, kenako umamasuka dzuwa likauwomba. Pa waya wochoka ku batire ikanipo fyuzi ndi switchi, switchiyo ikhale pomwe chala chimafika, ndipo batire ikhale m'kabokosi kake komwe madzi sangafikeko.

Nozo, kamlomo kotulutsira mankhwala kumapeto kwa ndodo, mugule. Pamenepa sindinyengerera munthu. Bowo la msomali limatulutsa madontho akuluakulu omwe amagubuduka patsamba n'kugwera pansi, ndiye mankhwala okwera mtengo mukuthirira dothi. Nozo yeniyeni ndi kanthu kotsika mtengo, koma ndi komwe kamagwira ntchito yonse. Pa tizilombo ndi matenda a masamba tengani yotulutsa nkhungu yozungulira, yomwe imalowa mpaka kunsi kwa masamba komwe nsabwe ndi akangaude amabisala. Yotulutsa madzi mwafulati ngati chikupizo ndi ya mankhwala a udzu. Ikatsekeka muitsuke ndi madzi ndi kaburashi kofewa. Osaiuzira ndi pakamwa, osaitokosa ndi waya, chifukwa bowo likakula muyezo wonse wasokonekera.

Zonse pamodzi, ngati batire muli nayo kale, mwina zingakudyereni ndalama zochepa kuposa mtengo wa sipuleya ya batire yogula. Ngati mulibe, werengerani bwino musanayambe, chifukwa mwina sipuleya wamba yopopa ndi dzanja ingakutsikireni mtengo.

Kunena zoona, ine ndingakonde kuti musabereke n'komwe. Malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20, kuwonjezerapo batire. Ikani zonse pa wilibala, mutalikitse paipi mamita 10, muziimika kumapeto kwa mzere. Alimi omwe anachita zimenezi nyengo zapitazi sanabwerenso ndi dandaulo la msana wonyowa. Ngati mizere yanu n'njothinana ndipo mukuyenera kubereka, thirani malita 15 okha, ndipo pakati pa msana ndi chigubu pakhale thabwa lokutidwa ndi pepala lapulasitiki.

Musanathiremo mankhwala, yesani ndi madzi okhaokha. Choyamba muone ngati pali podontha. Chachiwiri mudziwe kuchuluka kwa madzi omwe sipuleya yanu imatulutsa, chifukwa yopanga nokha ilibe buku. Yezani malo a mamita 10 mulitali ndi mamita 10 mulifupi, thirani madzi oyeza bwino m'chigubu, poperani malowo mukuyenda monga mumayendera masiku onse, nozo ili pafupifupi masentimita 50 kuchoka pambewu, kenako yezani omwe atsala. Omwe apitawo muchulukitse ndi 100, ndiwo malita a pa hekitala. Tiyerekeze kuti apita malita 2: ndiye kuti mumathira malita 200 pa hekitala, ndipo malita 15 akukwanirani masikweya mita 750. Ngati pabotolo alemba lita imodzi pa hekitala, ndiye mamililita 5 pa lita iliyonse ya madzi, kapena kuti mamililita 75 m'malita 15 aja. Bwerezani kuyesaku kawiri kapena katatu, komanso mbewu zikakula, popeza masamba ambiri amafuna madzi opopera ambiri.

Popopera valani magolovesi a mphira, jombo, malaya a mikono yaitali ndi chotchinga pamphuno ndi pakamwa. Poperani m'mamawa kapena madzulo kukakhala bata, mphepo izichokera kumbuyo kapena kumbali kwanu. Mukamaliza tsukani chigubu katatu ndipo madzi oyera muwadutsitse m'pampu ndi mu nozo, kutali ndi chitsime kapena mtsinje. Chigubu chakale chija chitsukeninso katatu, muchiboole mabowo akuluakulu kuti wina asadzachitole n'kumatungira madzi akumwa.