Tinafanana malembo onse anayi, koma maliro a mayi ndinaonera pa foni

Achemwali, ndawerenga zanuzi ndili mu thekisi yopita ku Bree kuno ku Johannesburg ndipo manja akunjenjemera, mukhululuke ndikalakwitsa polemba. Mwati mayeso a pa intaneti aja, ogawa anthu m'mitundu ya makhalidwe ya malembo anayi, akuikani pa ESFP, mtundu wa anthu okonda chisangalalo, bambo wanuyo ndi wofatsa, sakonda zotuluka, ndiye anzanu akuti mumusiye mupeze wamoyo ngati inu. Ine wamoyoyo ndinamupeza. Ndinakhala naye zaka zitatu ku Rosettenville.

Ambiri muno mumandidziwa. Pa chinkhoswe ndine woyamba kulowa m'bwalo, womaliza kutuluka. Mukandiimbira 9 koloko usiku kuti kuli kanyenya ku Cosmo City, ndimavala nsapato foni ili kukhutu. Ndiye nditakumana ndi mkuluyo pa phwando ku Yeoville ndinati Mulungu wayankha. Tinayankha mafunso a mayesowo pa foni yanga, titakhala pa kapinga ku Zoo Lake, onse awiri n'kutuluka ESFP. Tinakuwa ngati tapata mphotho. Ndinajambula n'kuika pa status, anthu n'kumati awa ndiye analengedwera pamodzi.

Ndipo kunali kukoma, ndisaname. Tsiku lina tinadzuka Loweruka, renti ili m'manja, iye n'kuti tiye ku malo a zisangalalo a Gold Reef City, landilodi tikaonana naye Lolemba. Ndinapita. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndikunena izi kuti musaganize kuti ine ndinali mngelo. M'nyumba mwathu munalibe woti n'kunena kuti ayi, tonse tinali a "tiona mawa".

Koma panali chinthu chimodzi chomwe ndinkachisunga ngati diso. Ndimaluka tsitsi mu saluni, ndipo amayi khumi timapanga chipereganyu. Mu Juni 2022 inali nthawi yanga, ndinalandira R7,000. Ndinazikulunga m'chitenje, kuika m'chitini cha mkaka, chitini m'sutikesi, sutikesi kunsi kwa bedi. Ndinamuuza maso ndi maso kuti izi ndi zakumudzi, mayi sakupeza bwino, tsiku lililonse ndingathe kuitanidwa. Anati wamva.

Lachisanu loyamba la Julayi ndikuweruka, magetsi atazima monga mukukumbukira mmene zinalili nyengo ija, kuzizira kolowa m'mafupa, foni inalira. Malume ku Ntcheu. Sanazungulire, anangoti mwanawe, mayi ako atisiya masanawa. Ndinakhala pansi pa msewu pomwepo. Kenaka anati thupi lili ku chipatala cha pa boma, tikudikira mpaka Lolemba, ukakwera basi ya mawa m'mawa upeza tisanaike. Inu nonse mukuidziwa njira ija, Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Mwanza. Masiku awiri ngati pa malire sipanavute. Nthawi inalipo yokwanira ndithu.

Ndinalowa m'nyumba mu mdima, kuyatsa tochi ya foni, kukoka sutikesi. Chitini ndinachimva kupepuka ndisanatsegule. Chitenje chinalimo, chopindidwa bwinobwino, ndiye chimandipweteka mpaka lero chimenecho, kuti anapeza nthawi yopinda chitenje. M'kati munali R200 ndi kapepala: "Ndabwereka, ndibweza, usadandaule." Ndinakhuthula sutikesi yonse pansi. Ndinayang'ana m'matumba a majekete, kunsi kwa matiresi, ngakhale m'mphika, ngati wamisala. Ndinamuimbira kasanu ndi kawiri osayankha. Ndiye ndinatsegula WhatsApp, n'kumuona pa status. Ali m'galimoto ya hayala pa msewu wa N3 ndi anzake anayi, sipika yatsopano pa miyendo, akuimba mokuwa. Anali atapita ku Durban, sabata ya mpikisano wa mahatchi wa Durban July ija, munthu woti sadziwa n'komwe kuti hatchi imadya chiyani.

Usiku wonse ndinagogoda m'makomo. Kumayambiriro kwa mwezi aliyense anali atangolipira renti ndi kutumiza kumudzi. Amayi a kutchalitchi anasonkha, Mulungu awadalitse, koma ndalama inakwana Lamulungu madzulo, basi itapita kalekale. Lolemba ndinakhala pa bedi nditafunda bulangete, msuweni wanga atagwira foni kumanda. Netiweki imadukaduka. Ndimaona bokosi, kenaka chithunzi chaima, kenaka ndikumva amayi a chigwirizano akuimba koma osaona kanthu. Pomwe amatsitsa bokosi foni yanga inathima, batire yatha, magetsi kulibe. Mayi anga ndinatsanzikana nawo choncho, ndikuyang'ana galasi lakuda.

Mkulu uja anabwera Lachiwiri, mchenga uli mu nsapato. Mukudziwa chomwe ananena? "Ndikanadziwa bwanji kuti amwalira sabata ino?" Ndiye anatulutsa chipewa cha dzuwa m'chikwama, akuti ndakugulira. Chipewa! Analira misozi yeniyeni, chifukwa anthu a mtundu wathu timalira msanga, ndipo Lachinayi anali akufunsa kale ngati tingapite kukaona mpira kuti ndiiwaleko. Alamu anga a ku Turffontein nawo anabwera kudzandiuza kuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, ndipirire. Ameneyo ndi mayi woti mwezi uliwonse ankadya nsima kwathu. Anzake aja, anayi onse, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzapepesa maliro, koma ndalama ya mayi anga anaimwa limodzi. Ngati muli m'gulu muno mukudziwa kuti ndikunena inu, ndipo sipika ija ndinaigulitsa ndine, musamamunamizire wina.

Ndiye za malembo anayiwo. Nditachoka ndinakhala pansi kuwerenga kuti zinachokera kuti, chifukwa ndinali ndi mkwiyo ngati andinamiza. Anazipanga ndi amayi awiri a ku America, Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Briggs Myers, potengera maganizo a Carl Jung a m'buku lake la 1921. Mitundu yake ndi 16. E ndi munthu wopeza mphamvu pakati pa anthu, I ndi wokonda kukhala phee, J ndi wokonzeratu zinthu, P ndi wa "tiona pomwepo". Cholinga chawo poyamba, nthawi ya nkhondo yachiwiri ija, chinali kuthandiza anthu kupeza ntchito yowayenera. Sanakonzere zosankhirana amuna. Palibe funso ngakhale limodzi mmenemo lofunsa ngati munthu angatsegule sutikesi ya mnzake. Ndipo nditayankhanso chaka chatha ndinatuluka ENFP, ndiye kaya ndine uti. Musamange banja pa zimenezo, achemwali, ndi zosewera basi.

Komabe bambo wanuyo muuzeni ayankhe, muone chilembo chomaliza. Akatuluka J gwirani zolimba. M'nyumba mumafunika mmodzi wodziwa kuti lero ndi pa 28. Inu mudzabweretsa chiseko, iye adzabweretsa renti, ndipo tsiku lomwe foni ya kumudzi idzalire mudzapeza tikiti ili m'manja. Anzanu okuuzani kuti mumusiyewo, afunseni ngati adzakusonkhereni.

Ngakhale kunena zoona, ineyo wofatsa ndinamuyesako. Telala wina wa ku Mayfair, munthu wabwino kwambiri, wosamwa, wolemba m'kope chilichonse chomwe wagula mpaka machesi. Ulendo wa ku Zoo Lake pompano apa ankafuna tiukambirane sabata ziwiri. Ndikaseka mokweza mu thekisi amandigwira pa bondo kuti nditsitse mawu. Pa ukwati wina ku Randburg ndikuvina, ndinatembenuka n'kumuona atakhala pakona akuyang'ana wotchi, chikwama changa chili pa miyendo pake. Miyezi isanu ndinamva ngati andiika m'botolo. Ndinachoka ndekha, sanandilakwire kalikonse. Ndiye ngati wanuyo amakuchititsani manyazi ndi mmene mulili, ngati mwayamba kupempha chilolezo kuti museke, musakhalire renti, tulukani. Kufatsa kwina ndi ulamuliro wovala jekete. Koma ngati amakusiyani mupite kokavina iye n'kutsala akuonera mpira, mukabwera n'kupeza wakusungirani ndiwo, ameneyo musamutaye chifukwa cha mafunso a pa intaneti.

Ndipo kaya mukhala ndi uti, ndalama ya maliro ndi ya basi ikhale ku akaunti yanuyanu, nambala yachinsinsi osauza munthu, ngakhale amene mumafunda naye bulangete limodzi. Pasipoti kaisungitseni kwa mayi wamkulu wa kutchalitchi. Zam'chitini zija siyani.

Ndatsala pang'ono kutsika. Mkulu uja, wa chipewa, anandilembera sabata yatha kuti ali ndi galimoto Loweruka, tipite ku Hartbeespoort tikangoona madzi. Sindinamuyankhe. Uthengawo sindinaufufutenso, ndipo musandifunse chifukwa chake.