Kodi Chimadwalitsa Munthu N'kachilombo Kapena Kufooka kwa Thupi? Yankho kwa Mayi a ku Nkhotakota

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Nkhotakota, ndipo funso lawo ndalifupikitsa motere. Pa nthawi ya mliri wa kolera, onse a pakhomo pawo ankamwa madzi a m'ndowa imodzi otungidwa kunyanja, koma amene anakagonekedwa kuchipatala ndi mwana wawo wa zaka zinayi yekha, pamene amuna awo, omwe ndi asodzi, sanamve n'komwe m'mimba kupota. Tsopano alamu awo akuwauza kuti umenewu ndi umboni wakuti tizilombo sitidwalitsa munthu, kuti chimene chimadwalitsa n'kufooka kwa thupi, ndiponso kuti munthu wodya bwino safunikira katemera kapena kuthira kolorini m'madzi. Mayiwa akufuna kudziwa kuti zoona ndi ziti.

Amayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndakondwa kumva kuti mwanayo anachira. Alamu anu sananame zonse, koma mfundo imene athera nayo ndi yoopsa, ndipo ndikukupemphani kuti musaitsatire.

Ndiyambire kumunda, chifukwa kumeneko n'komwe nkhaniyi imaoneka ndi maso. Mlimi aliyense kuno ku Salima amadziwa kuti kaufiti amakonda nthaka yoguga: m'munda wopanda manyowa, timaluwa take tofiira timadzaza mizere yonse, chimanga n'kupinimbira, pamene m'munda wachonde woyandikana nawo amangooneka apo ndi apo. Komatu kaufiti samera chifukwa cha kuguga kwa nthaka pakokha. Amamera kuchokera ku njere zake, zazing'ono ngati fumbi, zimene zimatha kugona m'dothi zaka zambiri kudikira muzu wa chimanga woti ziyamwe. Popanda njerezo, nthaka ingaguge chotani, kaufiti simungamuone. Matenda opatsirana alinso chimodzimodzi. Kachilombo ndiko kamachititsa kuti nthendayo ikhale kolera, osati malungo kapena chikuku, pamene mmene thupi lilili ndi zimene kawirikawiri zimachititsa kuti wina adwale mwakayakaya, wina pang'ono, wina osadwala n'komwe.

Mkangano umenewu si wa lero. Louis Pasteur wa ku France ndi Robert Koch wa ku Germany atasonyeza kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timayambitsa matenda, panali akatswiri ena amene sanakhutire. Koch anapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, kenaka n'kufufuza ka kolera ku Egypt ndi ku India. Mu 1892, pulofesa wina wa ku Munich, Max von Pettenkofer, pofuna kumutsutsa, anamwa dala madzi odzaza ndi tizilombo ta kolera ali ndi zaka 73, ndipo anangotsegula m'mimba pang'ono. Anthu amene amaganiza ngati alamu anu amaikonda nkhani imeneyi, koma amaidulira panjira. Wothandizira wake, Rudolf Emmerich, atachita zomwezo anadwala kwambiri. Ndipo chaka chomwecho kolera anapha anthu oposa 8,000 mumzinda wa Hamburg, umene unkamwa madzi osasefa a mumtsinje wa Elbe, pamene mzinda woyandikana nawo wa Altona, umene unkasefa madzi a mtsinje womwewo pamchenga, unapulumuka kwambiri. Sikuti anthu a ku Altona anali a matupi olimba kuposa anzawo. Chimene chinasiyana chinali madzi.

Tsopano tibwere pa ndowa yanu ija. Anthu ambiri amene ameza kachilombo ka kolera sadwala n'komwe kapena amangotsegula m'mimba pang'ono, ndipo zifukwa zake n'zingapo. Asidi wa m'mimba amapha tizilombo tambiri tisanafike m'matumbo, kuchuluka kwa tizilombo timene munthu wameza kumasiyana ngakhale madziwo akhale a m'ndowa imodzi, ndiponso munthu amene anakumanapo ndi kachilomboka m'mbuyomu amakhala ndi chitetezo kwa kanthawi. Mwana wamng'ono alibe zambiri mwa zimenezi, komanso madzi a m'thupi mwake sachedwa kutha. Chimene alamu anu sanachiganizire n'chakuti munthu amene sanadwale uja amatulutsabe tizilombo m'chimbudzi chake kwa masiku angapo, mpaka khumi, choncho msodzi wamphamvu amene wadzithandiza m'mbali mwa nyanja pa dooko angapatsire mudzi wonse iye ali bwinobwino, akukoka makoka. Mliri umene unayamba mu Marichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo pakati pawo panali anyamata ndi abambo a mphamvu zawo.

Pamene mfundo ya alamu anu ili ndi mphamvu zenizeni ndi pa chifuwa chachikulu, ndipo apa sindiwatsutsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi aliwonse padziko lapansi anatengapo kachilombo ka TB, koma mwa anthu 100 oterewa, amene amadzadwala pa moyo wawo wonse ndi apakati pa 5 ndi 10 okha. Mwa enawo kachilomboka kamangokhala chete, kotsekeredwa ndi chitetezo cha m'thupi, monga njere za kaufiti zija m'dothi lachonde. Chitetezocho chikatsika chifukwa cha HIV, kuperewera kwa zakudya, matenda a shuga, kusuta fodya kapena kumwa kachasu mopitirira muyeso, nthendayo imadzuka. Tonse amene tinalipo boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004 tikukumbukira mmene chifuwa chinamalizira anthu m'midzi yathu. Ngakhale zili choncho, munthu amene wayamba kutsokomola TB sachira ndi usipa ndi chigwada chotendera. Amachira ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi opha kachilomboko, ndipo chakudya chabwino chimathandizira mankhwalawo.

Palinso tizilombo tina tosayang'ana nkhope. Munthu wolumidwa ndi galu wachiwewe, akapanda kukabayitsa katemera msanga, zizindikiro n'kuyamba kuoneka, kuchira kumakhala pafupifupi kosatheka, kaya ndi wojintcha chotani. Likodzo nalo silisankha: tinyongolotsi totuluka m'nkhono timaboola khungu la aliyense wosamba kapena kuchapa m'madzi oima a ku Chia kapena ku Senga Bay, ndipo anyamata amene amakodza magazi kawirikawiri ndi omwe aja othamanga, osambira tsiku lonse.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu ndi mawu akuti chitetezo. Timawatchula ngati kuti ndi mphamvu imodzi yobwera ndi kukhuta, pamene mbali yaikulu ya chitetezo ndi kuphunzira, ndipo thupi limaphunzira mdani mmodzimmodzi. Munthu wamkulu wa m'mbali mwa nyanja akalumidwa ndi udzudzu amadwala malungo mocheperako, osati chifukwa cha kondowole ndi chambo, koma chifukwa thupi lake ladwala malungo kambirimbiri kuyambira ali wakhanda mpaka linawazolowera pang'ono. Sukulu imeneyi ndi yodula, chifukwa ana ambiri osakwana zaka zisanu amamwalira asanaimalize, ndipo munthu akakhala zaka zingapo kudziko lopanda malungo chitetezocho chimachepa. Katemera ndi njira yophunzitsira thupi popanda kulipira ndi maliro. Choncho amene amakhulupirira mphamvu ya thupi ndiye anayenera kukhala woyamba kupita ndi mwana kusikelo, ndipo n'zonyaditsa kuti mu Epulo 2019 Malawi ndilo linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana.

Za chakudya sindikuzichepetsa ayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo mwana wonyentchera akagwidwa ndi chikuku, chibayo kapena kutsegula m'mimba, ngozi yake imakhala yaikulu kuposa ya mnzake wodya mokwanira. Nthendayo nayo imamuwondetsa, n'kumusiya wosavuta kugwidwa ndi ina. N'chifukwa chake mwana wanu amene wachira kumeneyu afunika phala lothira nsinjiro kapena usipa wosinja, masamba, dzira ndi zipatso, ndipo pa zimenezi alamu anu angathandize ndithu.

Koma ndowa ija musaisiye mmene inalili. Thirani WaterGuard kapena kolorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, motsatira muyeso umene akuuzani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati mulibe, wiritsani madziwo. Ndowayo ikhale yovundikira, kapu yotungira ikhale yake yokha, ndipo amuna anu akabwera kunyanja asambe m'manja ndi sopo asanagwire mwana kapena mbale, ngakhale akhale kuti iwowo sanadwalepo.