Tinyongolotsi ndi mwaye wa magalimoto: tilembe bwanji?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Ndikufuna kufotokoza m'Chichewa momwe asayansi amagwiritsira ntchito ma nematode pofufuza kuopsa kwa utsi wa magalimoto. Ndiziti mphutsi, njoka za m'mimba kapena nyongolotsi?

Aphunzitsi, muziti tinyongolotsi. Mphutsi ayi, poti mphutsi ndi mwana wa ntchentche kapena wa kachilombo kena, ndipo mawa lake adzamera mapiko. Njoka za m'mimba zina ndi za mtundu womwewo, monganso tija timatupitsa mizu ya fodya ndi tomato, koma kamene amagwiritsa ntchito pa kafukufukuyu, Caenorhabditis elegans, sikadwalitsa munthu. Kamakhala m'dothi ndi m'zipatso zowola, kamadya mabakiteriya, ndipo kakakula kamatalika pafupifupi milimita imodzi. Mukangoti nyongolotsi, mwana aganiza za ija yowedzera nsomba. Amene adatchukitsa kanyongolotsi ka kafukufukuka ndi Sydney Brenner ku Cambridge m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2002 adalandira nako mphoto ya Nobel limodzi ndi John Sulston ndi Robert Horvitz. Asayansi amakakonda chifukwa dzira limafika pa kanyongolotsi kakakulu m'masiku atatu okha pa madigiri 20, kamodzi kamaikira mazira pafupifupi 300, ndipo thupi lake limaonekera mkati pa maikulosikopu.

Msampha uli pa ti-. Mwaona ndakhala ndikuti kamakhala, kamadya. Tikachuluka n'kuti timakhala, timadya, timafa, mawu omwewo amene timanena za ife eni. Chiganizo choti “asayansi amatidyetsa mwaye ndipo timafa” chikaima pachokha, owerenga adzidzimuka. Choncho bwerezani dzina pafupipafupi, tinyongolotsiti timafa, kapena fotokozani za kamodzi.

Funso: Pokonza pulogalamu ya pawailesi ndidalemba kuti “tinyongolotsi timapuma utsi wa magalimoto, kenako asayansi amatiyesa.” Mnzanga akuti chiganizocho n'cholakwika. Vuto lili pati?

Mnzanuyo akunena zoona, ndipo malo olakwika ndi atatu. Tinyongolotsiti tilibe mapapo. Zoipa za mu utsiwo tinyongolotsiti timameza pamodzi ndi chakudya, n'kukalowa m'matumbo, choncho mneni woyenera ndi kumeza kapena kudya.

Liwu loti utsi nalo latambalala kwambiri. Mu utsi muli mipweya, mulinso tinthu touma, ndipo kafukufukuyu ndi wa tinthu toumato. Takuda totuluka ku ekizozi, makamaka ya dizilo, ndi mwaye, liwu lomwe lija la kudenga kwa khitchini. Totuluka ku matayala, mabuleki ndi msewu ndi fumbi. Mukafuna zonse pamodzi nenani mwaye ndi fumbi la magalimoto. PM2.5 isiyeni momwemo, mungofotokoza kuti ndi tinthu ta mu mpweya tosapitirira maikulomita 2.5 (maikulomita 1,000 ndiwo milimita imodzi), timene timatsika mpaka mkatikati mwa mapapo a munthu. Bungwe la WHO mu 2021 lidati PM2.5 isapitirire maikulogalamu 5 pa kiyubiki mita ya mpweya, kutengera chaka chonse.

Ntchitoyo imayenda motere. Makina amakoka mpweya wa m'mbali mwa msewu kudzera pa fyuluta. Fyulutayo amaiika pa sikelo isanagwire ntchito ndiponso itagwira, kuti adziwe kulemera kwa zimene zakodwa. Kenako amaiviika m'madzi n'kuigwedeza ndi makina mpaka tinthuto titachoka. Kumbali inayi amathira tinyongolotsi tikulutikulu m'madzi a klorini ndi sodium hydroxide. Tinyongolotsi tonseto timafa, mazira okha n'kutsala, ndipo akaswa ana amakhala a msinkhu umodzi. Anawo amawagawa m'timbale ta milingo yosiyanasiyana ya mwaye, gulu lina osalipatsa mwaye konse kuti likhale loyerekezera. Ena amaona zotsatira pakatha maola 24, ena amadikira kuti anawo akule. Zimene zimasokoneza n'zodziwika: mwaye umabulungana n'kudikha pansi, ndiye mlingo umene kanyongolotsi kameza umasiyana ndi wolembedwa. Chakudya chikachepa tinyongolotsi timasiya kukula, munthu n'kunamizira mwaye pamene vuto ndi njala. Fyuluta nayo imatha kusiya ulusi wake m'madzi, n'chifukwa chake amaviikanso fyuluta yosagwiritsidwa ntchito poyerekezera.

Apa mpamene pamaonekera vuto lachitatu, kusiyana kwa kuyesa ndi kuyeza. Kuyeza kumafuna chida ndipo kumatulutsa nambala, monga amatiyezera magazi kuchipatala. Kuyesa n'kufuna kuona ngati chinthu chichita kapena chichitika. Chimene chikuyesedwa ndi mwaye, ngati uli woopsa. Tinyongolotsi amatiyeza kutalika. Zinazo ndi kuwerenga: mazira angati, mutu wagwedezeka kangati pa mphindi imodzi, tafa tingati. Kakufa amakadziwa pokakhudza ndi kawaya ka platinum, kosasuntha. Chiganizo chanu chikhale chotere: “Asayansi amayesa kuopsa kwa mwaye poudyetsa tinyongolotsi, kenako amayeza kukula kwa tinyongolotsito ndi kuwerenga mazira.”

Funso: Nanga tinene kuti mwayewo uli ndi ululu, chiphe kapena poizoni?

Ululu usiyireni njoka, nankalizi ndi njuchi, ndiponso kupweteka kwa bala. Chiphe ndi poizoni zili bwino ngati tinyongolotsi tafadi. Koma pa milingo yaing'ono tambiri sitifa: timapinimbira, timayenda mofooka, mazira amachepa. Pamenepo lembani chimene chaoneka, kuti mwaye ukupinimbiritsa kapena ukuchepetsa kubereka. Ndipo pa mutu wa nkhani musalumphire kwa anthu. Za anthu umboni wake ndi wina: bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, mu 2012 lidaika utsi wa dizilo m'gulu la zoyambitsa khansa, potengera kafukufuku wa anthu ogwira ntchito mu utsiwo, monga a m'migodi.