Thabwa, Thyolo, Muona n'kubwerera ku Thabwa pa njinga: yankho kwa achimwene a ku Lilongwe

Sabata yatha kwabwera imelo ya achimwene ena a ku Lilongwe, akuti agula njinga ya mpikisano ija ya timatayala toonda ndiye akufuna adzazungulire kuno kuchigwa cha Shire pa holide ya Mother's Day, ayambire pa Chikwawa, akwere Blantyre, adutse Thyolo, atsikire ku Muona n'kubwerera ndi East Bank, msewu wa tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Afunsanso za mbiri ya madera a m'njiramo, koma funso lawo lalikulu n'loti kodi zingatheke tsiku limodzi?

Achimwene, ayi. Komanso Okutobala yo muyiiwale kaye. Mother's Day ndi pa 15 Okutobala, nthawi imene kuno kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira, phula limachita kunyezimira ngati pathiridwa madzi, madzi a m'botolo amasanduka tiyi musanafike n'komwe pa Thabwa. Bwerani Juni kapena Julayi, ndipo muugawe masiku awiri.

Tsiku loyamba nyamukani pa Dyeratu kusanache, muwoloke Shire pa Kamuzu Bridge, mukangodutsa rodibuloko ya pa Thabwa basi nkhondo yayamba. Chikwawa ili pa mamita pafupifupi 100 kuchokera pa nyanja yamchere pomwe Blantyre ili cha m'ma 1,000, ndiye ngakhale ulendo wake ndi wa makilomita 50 okha, miyendo imamva ngati mwapita ku Zomba n'kubwerako. Makona ake ndi okhota zedi, mumati uku ndiye kumapeto kenako mukuona msewu uli pamwamba pa mutu wanu. Ine ulendo woyamba ndinatsika n'kumakankha, manyazi ayi ndithu, ndinakankha limodzi ndi bambo wina wa makala amene anamanga matumba atatu pakeliyala, malaya atavula atakulunga pahandulo, thukuta likuchita kudontha pachigongono. Anayang'ana njinga yanga n'kunena kuti “magiya onsewa bwana, mukukankhanso ngati ine?” Ndinalibe poyankha.

Mukafika pamwamba cheukani, Shire amaoneka ngati chingwe chotayidwa pansi ndipo kukakhala kopanda nkhungu minda ya nzimbe ya ku Nchalo imaoneka bwinobwino. Samalani ndi mathiraki otsika, kafungo ka mabuleki opsa mukakamva patukani msanga.

Kuchoka Limbe kudzera Bvumbwe mpaka Thyolo ndi zitunda zing'onozing'ono m'minda ya tiyi, kamphepo kayeziyezi, palibe chodandaulitsa. Gonani ku Thyolo kapena ku Makwasa kufupi ndi mishoni ya Malamulo, ija ya a Seventh Day kuyambira 1902.

Tsiku lachiwiri ndi limene njinga yanuyo indidetsa nkhawa. Kupita ku Thekerani ndi kukwera n'kutsika kosalekeza pakati pa nthochi, kenako chitsetse chachitali chogwera ku Muona, zala zimachita dzanzi ndi kufinya mabuleki, ndiye onetsetsani kuti marabala ake ndi atsopano. Koma East Bank, eee. Mbali yayikulu ndi fumbi, miyala ndi mchenga wa m'mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo ngati Thangadzi ndi Livunzu, ndipo namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anauwononga kwambiri msewuwu. Timatayala tanuto tiphulika kangapo musanafike pa sikimu ya mpunga ya Nkhate. Ikani matayala okulirapo amene angalowe, apo ayi bwerekani mountain bike. Anyamata okonza njinga ali pa tredingi senta iliyonse pansi pa mtengo, kumata tchubu amatha bwino kwambiri chifukwa a shapa (a kabaza) ndiwo makasitomala awo tsiku ndi tsiku, koma tchubu cha saizi yanu sangakhale nacho, tengani ziwiri ndi pampu yanu.

Za mbiri zomwe munafunsa zija, musangodutsa mutu uli pansi. Kumunsi kwa Muona, cha ku Chiromo komwe Ruo amathira mu Shire, ndi kumene anamwalirira Bishop Mackenzie mu 1862. Maufumu a Makhuwira, Kasisi, Katunga ndi Maseya anachokera kwa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika pakati pa Amang'anja, ndiye mukamapalasa kwa Makhuwira dziwani kuti dzinalo lili ndi nkhani yake. Ine ndimakonda kuima pa chitsime kapena pa mjigo n'kumacheza ndi agogo, moni wa Chisena ukabwera woti “muli tani” mungoti “pyadidi”, aseka kenako akuuzani zambiri kuposa zomwe ndalemba pano.

Mukatsala ndi mphamvu tsiku lachitatu pitani ku mathithi a Kapichira kufupi ndi Majete, pomwe sitima ya Livingstone inalephera kupitirira mu 1859, ndi makilomita 20 chabe kuchoka pa boma la Chikwawa. Madzi nyamulani mabotolo atatu, ndalama zikhale za kashi chifukwa netiweki imathawathawa kuseri kwa mapiri, ndipo malambe a pamsewu mugule pobwerera, amalemera.